Mutu 6: Besi ya Nsambo Ziwiri

1. Besi iuluka

Pa sukulu yonse panalibe amene sankamudziwa Kachule. Dzinali anamupatsa anzake. Mtsikanayu anali wamfupi ndi wochepa thupi, koma akagwira besi, gitala ija ya nsambo zinayi zonenepa yomwe imalira pansipansi, mazenera a holo ankanjenjemera. "Kachule kakang'ono, koma mawu a dambo lonse," anthu ankatero.

Luso anali nalo, pamenepo tisamunamizire. Matenda ake anali amodzi: matama. Ntchito ya woimba besi ndi kunyamula nyimbo kuti isagwe, koma Kachule ankafuna aliyense aziona zala zake zikuthamanga. Anzake akuimba nyimbo, iye ali pa mpikisano wa liwiro yekhayekha.

Lachisanu masana bandi ya sukulu inkayeserera komaliza. Mawa lake kunali mpikisano wa mabandi a masukulu asanu ndi atatu. Mu bandimo anali anayi. Kachule pa besi, Mabingu mtsikana wa ng'oma, Magalasi mnyamata wofatsa wa kiyibodi, ndi Kapitawo, woimba pakamwa amenenso ankatsogolera. Dzina la Kapitawo linamukhala. Ngakhale ntchentche ikalowa m'holo ankafuna aiuze potera.

"Taimani kaye muone zomwe ndakonzera mawa," anatero Kachule. "Pothera pa nyimbo ndiizunguza besi kumsana, ibwerere m'manja ndisanaphonye."

"Iwe, lamba ameneyo ndi wotha," anatero Mabingu.

"Khala chete uphunzire."

Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kachule anaikankha besi. Kumsana inazungulira bwinobwino, koma pobwerera lamba anavuka pa kamsomali kake. Besi inauluka yokha n'kukatera chamutu pa simenti. Khoo! Sipika inalira ngati ng'ombe, kenako zii.

Mutu wa besi, kathabwa ka kumapeto kwa khosi komwe kumakhala makiyi anayi okungira nsambo, unali utathyoka pakati. Makiyi awiri anatsala ku khosi. Awiri enawo ankalendewera pa nsambo zawo. Ndipo besi pa sukulupo inali yomweyo basi.

"Pepani," anatero Kachule, mawu atachepa.

"Pepani sapoletsa chilonda!" anakalipa Kapitawo. Anathamangira ku chikwama chake n'kutulutsa kabotolo ka guluu wachangu, uja timamatira nsapato ikang'ambika. "Gwira apa timate pompano."

Kachule anali atatambasula kale dzanja, koma Mabingu anamumenya pa mkono ndi ndodo ya ng'oma. "Amalume ako si akalipentala? Nanga ukufuna kumata ngati patapata bwanji?"

Anakawauza aphunzitsi a nyimbo. Aphunzitsiwo anagwira pakamwa, kenako analola kuti besi ipite kwa mmisiri.

2. Kuthyoka kokongola

Amalume ake a Kachule ankagwira ntchito m'shedi ya malata kuseri kwa msika. Pansi panali utuchi wofika m'kakolo, pakhomo zitseko zodikira eni ake, m'mphuno fungo la vanishi. Pa khoma pankalendewera mabesi awiri akale omwe anasiya kulira kalekale. Pa unyamata wawo amalumewo ankaimba besi m'maukwati, ndipo mpaka lero wailesi ikaika nyimbo ya besi yabwino, ankasiya kupala thabwa n'kuimirira ngati akumva uthenga wa kumudzi.

Kachule ankayembekezera kukalipiridwa. Koma amalume atavundukula nsalu, anaimba mluzu.

"Eee! Kuthyoka kokongola bwanji!"

"Amalume, mukundiseka?"

"Sindikuseka, mphwanga. Taona, kwathyoka motsata mitsempha ya thabwa, motalika bwino. Wapakhudza ndi zala pothyokapa?"

"Ayi."

"Guluu?"

"Tinatsala pang'ono."

Amalume anachotsa pensulo kukhutu n'kumuloza nayo.

"Tsono tamvera, chifukwa izi kusukulu sakuphunzitsani. Thabwa likathyoka limasiya timano mbali zonse ziwiri. Timano timeneti usatisalaze ndi sandipepala, usatipukute, usatikhudze ndi zala za thukuta. Ndi tomwe timalumana ukabwezeretsa. Munthu wosadziwa amaona pokhakhala n'kumati pakufunika kusalaza, osadziwa kuti akugulula mano a chinthu chomwe akufuna chilume. Chachiwiri, guluu sagwira pa guluu mnzake. Amagwira pa thabwa. Ukamata koyamba molakwika, timabowo tonse ta thabwa timatsekeka, ndipo wobwera pambuyo pako, kaya ndi katswiri wotani, amangopaka pamwamba ngati utoto. Mutu wa besi umalumikizidwa bwino kamodzi kokha. Kamodzi, wamva? Mwayi wachiwiri kulibe."

Anamasula nsambo zonse. Anayesa kulumikiza zidutswa ziwirizo popanda guluu, ndipo zinalowana mwakuti mzere sunkaoneka. Kenako anapaka guluu woyera wa matabwa ndi kaburashi, mbali zonse, mosathamanga. Anamuuza Kachule agwire khosi, iwo n'kuyamba kukulunga mutuwo ndi mphira zodula ku chubu cha njinga, kukoka ndi kukulunga, kukoka ndi kukulunga, mpaka guluu anatuluka m'mbali timadontho ngati mkaka.

"Basi," anatero akupukuta manja. "Masiku atatu. Lolemba tidzamasula."

"Lolemba? Amalume, mpikisano ndi mawa!"

3. Nkhani ya besi yobiriwira

Amalume anakhala pa mpando wosamaliza n'kuloza ku khoma.

"Ukuiona yobiriwirayo? Inali besi yanga yoyamba. Inagwa Lachisanu ngati yakoyi, ukwati uli Loweruka. Ndinamata madzulo, m'mawa n'kumasula, n'kukunga nsambo zonse. Kunja kunali kutauma gwa, ndinati zatheka. Nyimbo yoyamba inadutsa. Yachiwiri ili pakati, akwati akuvina, ndinangomva thaa! Mutu unauluka n'kukagwera m'mbale ya keke. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine ndinaseka nawo, koma kunyumba ndinakalira. Ndinayesa kumata katatu konse, osagwira. Zaka makumi awiri tsopano ili pa khomapo, ntchito yake kusunga akangaude.

"Nsambo ya besi si ulusi, mphwanga. Imodzi yokha imakoka ngati ndowa yodzaza madzi. Iweyo utathyoka mkono lero, mawa tingakusenzetse ndowa ziwiri? Guluu amanyenga. Amauma kunja msanga, m'kati akadali phala. Ukafuna kudziwa, dina ndi chikhadabo kadontho kali pansi pa mphira. Chikhadabo chikalowa, usayerekeze. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Besiyi si yako, si ya Kapitawo wakoyo. Pali ana ali m'makalasi a m'munsi omwe akudikira kudzaphunzirira pomwepa."

Kachule anagwetsa nkhope. Misozi inali pafupi.

"Ndiye kuti mawa sindiimba."

"Wanena zimenezo ndani? Tabwera uone." Amalume anatembenuza besi. "Makiyi awiri awa ali kumunsi kwa bala, pa thabwa lamoyo. Ndi a nsambo ziwiri zonenepa. Zimenezi tikunga pompano, sizikoka pomatapa. Zowonda ziwirizo ndiye zipume m'chikwama."

"Nsambo ziwiri? Amalume, malo anga odzionetsera onse ali pa zowondazo!"

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Anthu amavinira nsambo zonenepa, mwana wa mlongo wanga. Zowondazo timaimbira oimba besi anzathu kuti atichitire nsanje."

"Nanga mphirazi?"

"Zikhala pomwepo."

Kachule anaiyang'ana besi. Inkaoneka ngati munthu amene wangotuluka m'chipatala atamumanga bandeji yakuda kumutu. Anaimanga m'nsalu n'kuisenza, mtima uli lendelende.

4. Phazi la Mabingu

Loweruka m'mawa Kachule ndi Mabingu anakumana m'holo awiriwiri. Nyimbo yonse inafunika kuipezera njira yatsopano pa nsambo ziwiri.

Poyamba zinali zomvetsa chisoni. Zala za Kachule zinkathamangira komwe zinazolowera n'kukagwira mphepo. Atalephera kachisanu anakhala pansi.

"Usandiyang'ane manja," anatero Mabingu. "Mvera phazi langa. Pomwe ng'oma yaikulu yagunda, iwenso gunda pomwepo. Kwinako pumira."

Anayesa. Du, du-du. Du, du-du. Besi ndi ng'oma zinayamba kumveka ngati chinthu chimodzi. Mayi wina wosesa amene ankadutsa pakhonde anaima, n'kuyamba kugwedeza mapewa tsache lili m'manja.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikukuitana ndi phazi limeneli," anatero Mabingu. "Lero ndi pomwe wandiyankha. Bwenzi utaithyola kale besiyi."

"Usanenenso zimenezo," anatero Kachule, koma akuseka.

5. Kuseri kwa siteji

Masana holo ya mpikisano inadzaza mpaka m'mazenera. Mabandi ankadikirira m'kachipinda kuseri kwa siteji. Aphunzitsi anali kutsogolo kukalembetsa mayina. Kachule atangovundukula besi, anyamata a sukulu ina anaphulika.

"Odi, odwala alowe kaye!"

"Mwaithawitsa ku wodi iti imeneyi?"

Kapitawo nkhope inachita kuda. Anamukokera Kachule pakona.

"Ukudziwa kuti oweruza akupereka malikisi pa maonekedwe? Chotsa zinyalalazi. Nsambo zina zija zili kuti?"

"M'chikwama. Koma amalume anati mpaka Lolemba."

"Amalume ako amapanga zitseko! Taona, pauma gwa apa. Nyimbo yathu ndi ya mphindi zinayi zokha. Mphindi zinayi ingathyoke? Ikathyoka mawa ndi nkhani ina, chikho tili nacho kale."

Kachule anayang'ana chikwama chake.

"Ndipo malo ako aja," anapitiriza Kapitawo motsitsa mawu, chifukwa ankadziwa pomwe pamamuyabwa mtsikanayu. "Miyezi itatu wakhala ukuyeserera. Holo yonse ikanaimirira. Lero ukaimbe du-du ngati wophunzira kumene? Ukakana, Magalasi aimba mawu a besi pa kiyibodi ndi dzanja lamanzere, iwe ukhale pansi uziombera m'manja."

Zinamulowa. Kunena zoona, Kachule ankawafuna malo akewo kuposa chikho. Anatsegula chikwama n'kutulutsa nsambo ziwiri zija. Anamasula mfundo ya mphira, n'kufunyulula kamodzi, kawiri. Pansi pake panaoneka kadontho ka guluu.

Anakadina ndi chikhadabo. Chikhadabo chinalowa.

Anakhala kanthawi akuyang'ana kachizindikiro komwe chikhadabocho chinasiya. Kenako anakoka mphira ija mwamphamvu, n'kuikulunganso momwe inalili, n'kumanga mfundo. Nsambo anazibwezera m'chikwama.

"Sindiika," anatero.

"Wati chiyani?"

"Ndinaithyola ndine. Sindiithyola kawiri. Ndikwera nayo chonchi, apo ayi ndikhala pansi."

"Khala pansi!"

"Akakhala pansi, inenso ndikhala naye," anatero Mabingu akuika ndodo zake pa mpando. "Uimbe ng'oma ndi pakamwa pakopo, pamatha zambiri."

Magalasi anangovula magalasi ake n'kumawapukuta, monga ankachitira nthawi zonse anthu akamakangana.

Wolengeza anaitana dzina la sukulu yawo. Kapitawo analuma mano.

"Chabwino. Koma mvetsetsa. Tikaphonya chikho chifukwa cha bandeji yakoyo, Lolemba tivota. Tione ngati ukhalebe mu bandi ino."

"Ndamva," anatero Kachule, n'kukoleka lamba amene amalume anamusokerera kawiri.

6. Du, du-du

Atangotulukira pa siteji, holo inagwa ndi phwete. Wolengeza naye anathira mchere. "Anzathuwa abwera ndi wodwala wawo, tiyeni tiwalandire mwachifundo!"

Manyazi anamugwira Kachule mpaka m'makutu. Anayang'ana kumbuyo, Mabingu n'kumutsinzinira diso. Ndodo zinagundana kanayi.

Du, du-du. Du, du-du.

Kuseka kunayamba kuchepa kuchokera kutsogolo. Mitu inayamba kugwedera. Kapitawo analowa ndi mawu ake, ndipo kwa nthawi yoyamba mawuwo anamveka onse, popanda besi yowapondaponda. Iye mwini anadabwa, mpaka anacheuka.

Pakati pa nyimbo panafika malo a Kachule aja. Enawo anatsitsa zida zawo kuti amusiyire bwalo. Dzanja lake, mwa chizolowezi, linalumphira ku nsambo zowonda n'kupeza palibe. Nyimbo inatseguka dzenje. Holo yonse inamva kuti zii.

Phazi la Mabingu linagunda kamodzi. Kachule anagunda nalo. Linagundanso, iye n'kuyankha. Sanathamange. Anangoyenda pansipansi ndi nsambo zake ziwiri, kusiya mpata, kubwereranso, ngati munthu wonenepa amene akuvina mosafuna kutuluka thukuta.

Abale inu! Mzere wakumbuyo unaimirira woyamba. Kenako wapakati. Anyamata omwe ankaseka aja anali pakhomo la kachipinda, mapazi akuwapereka okha. Ndipo pakati pa kanjira, bambo wina wa utuchi m'tsitsi, pensulo ili kukhutu, ankavina kavinidwe ka zaka makumi awiri zapitazo, akufuula kuti, "Mphwanga ameneyo! Guluu wanga ameneyo!"

Nyimbo itatha, Kachule sanayang'ane anthu. Anayang'ana mutu wa besi. Unali pomwepo, mphira zake zili gwa.

7. Malikisi amodzi

Amalume anamupeza Kachule kuseri kwa siteji, akupuma mwawefuwefu. Anayendetsa chala pa mphira n'kuima pa mfundo.

"Mfundo iyi si yanga."

"Ndinamasula, amalume. Ndinadina. Chinalowa."

Amalume anamugwira paphewa. "Ine pa msinkhu wako sindinadine n'komwe," anatero. "Wandiposa. Ndakondwa, mphwanga, ndakondwa kwambiri."

Kenako zotsatira zinabwera. Mayi wamkulu wa oweruza anawerenga pang'onopang'ono ngati akugawa mankhwala. Pa kaimbidwe, anati, bandi ya sukulu ya Kachule inaposa onse. Holo inakuwa. Koma pa maonekedwe a pa siteji inataya malikisi awiri. Pophatikiza zonse, inakhala yachiwiri. Chikho chinapita kwa anyamata oseka aja, omwe anawaposa ndi malikisi amodzi okha.

Mabingu anadumphabe ndi chimwemwe, chifukwa chaka chatha anali achisanu ndi chimodzi. Kachule nayenso mtima unali mbee. Koma Kapitawo anaima pakhomo manja ali m'chiuno, akuyang'ana chikho chikutuluka chili m'manja mwa eni ake.

"Malikisi amodzi," anatero. "Amodzi! Ndinanena ine. Lolemba tikaweruka, m'holo. Mwini nkhani savota."

Anatuluka osatsanzika.

Kachule anawerenga pa zala. Kapitawo amuchotsa, zimenezo zinali zodziwikiratu. Mabingu amuikira kumbuyo. Wotsala anali mmodzi.

Onse awiri anatembenukira kwa Magalasi. Mnyamatayo anali atagwada pafupi ndi besi, akusisita nsambo yonenepa ndi chala chimodzi, mwaulemu, ngati akusisita mwana wa eni ake. Pa zaka ziwiri zonse Kachule anali asanamuonepo akuiyang'ana besi choncho.

"Magalasi," anatero Mabingu, "iwe uli mbali iti?"

Magalasi anakankhira magalasi ake m'mwamba. Sanamuyang'ane Mabingu, sanamuyang'anenso Kachule.

"Ineyo kiyibodi inanditopetsa kalekale," anatero mofatsa. "Paja mwati Lolemba ikhala ndi nsambo zonse zinayi eti?"